Chitseko cha Nsato ya Alamu Anga

Achemwali anga a Dolofe anandituma kukapanga chitseko chimodzi. Chaka chake sindichitchula, chifukwa ndikawerenga mvula zimene zagwa kuchokera pamenepo, sizigwirizana ndi msinkhu wa ana amene ndinawasiya ali kumsana. Chimene ndikudziwa bwino n'chakuti inali nyengo yokumba mtedza.

Amuna awo, a Lufeyo, anabwera m'mudzi mwathu ngati mkamwini wina aliyense, ndi bulangete ndi khasu, ndipo nkhoswe ya banjalo kuchikazi ndinali ine. Analima zaka zambiri popanda chodandaulitsa, nabereka mwana mmodzi wamkazi, Lonesi. Tsiku lina anachokera kudambo ndi kamwana ka nsato m'thumba la fetereza. Anati anakatola pa lupsa, moto utadutsa. Anakapatsa dzina loti Dona, nakaika m'bokosi la sopo, pamwamba n'kuvundikira chikatoni ndi mwala. Nsatoyo itafika kutalika kwa mpini wa khasu, anayamba kupita nayo m'misika, kuikoleka m'khosi anthu n'kumaonera. Itatalika mipini iwiri, inasuntha mwala uja n'kukameza thadzi la eni ake lili pamazira.

Achemwali ananyamula bokosilo okha, nakaliika panjira yotulukira m'mudzi. Anati nsatoyo, mkazi mnzawoyo, salowanso kufikira atakhala ndi chitseko choti iwo n'kugona tulo. A Lufeyo anamanga bokosi panjinga, nati akupita kukafuna chitseko. Chimanga chinadzalidwa, chinakololedwa, iwo osabwera.

Ndiye achemwali anandipeza pansi pa mtengo ndikupala mwendo wa mpando.

"Achimwene," anatero, "mmisiri wa matabwa ndinu, nkhoswe ndinunso. Pitani mukawapangire chitsekocho, mubwere nawo bambo a Lonesi. Denga likudontha. Ndatopanso kufunsidwa kuchitsime ngati ndili pabanja kapena ayi."

"Ndikapange chotani, achemwali?"

"Ine ndidziwa bwanji? Choti ndigone."

Ndinaika sowo, hamala, tchizulo ndi chopalira m'thumba. Ndinkaganiza kuti ndibwerera mtedza usanaume.

Ndinawapeza m'tauni ya msika waukulu, kuseri kwa ogulitsa mbuzi, anthu atawazungulira. Nsato inali itawazinga m'mapewa, mutu wake uli padzanja lawo. Atandiona anaseka mpaka chipewa chinagwa.

"Alamu! Akutumani kudzandimanga?"

"Andituma kudzamanga akazi anu aang'onowa. Inu muyenda nokha."

"Taonani kusalala kwake. Achemwali anu anasalalapo chonchi chibadwire?"

"Achemwali anga sameza nkhuku za eni ake ndi nthenga zomwe."

Khola lenilenilo silinandivute. Makoma, pansi ndi denga, zimenezo mmisiri aliyense amakhoma akucheza. Chovuta ndi mbali imene iyenera kutseguka. Ndinasankha waya wa khola la nkhuku, wa maso ang'onoang'ono oti chala sichilowa, ndinamukoka pa fulemu la thabwa mpaka ukamugunda azilira ngati ng'oma. Zifukwa zanga zinali ziwiri: mpweya uzilowa, ndipo anthu aziona popanda kutsegula. Mayi amene anandigulitsa wayayo anaima n'kumaonerera ndikukhoma, kenaka anafunsa, "Nanga ikatuluka?" A Lufeyo anayankha kuti Dona ndi waulemu, satuluka osatsanzika.

Sinatuluke. Koma nsato ikaikidwa malo atsopano siyang'ana makoma. Imafuna pamene pakulowera mphepo, n'kuikapo mphuno, n'kumakankha. Inayenda ndi mphuno pa waya uja kuchokera pakona ina kufika pakona ina, n'kubwerera. Mwezi usanathe mamba a pamphuno anachoka. Kenaka panaoneka mnofu wofiira, mlomo unatupa, ndipo mbira imene tinaiponyera inakhala m'kholamo ikudya udzu pambali pake.

A Lufeyo ankaitsuka ndi madzi a mchere. Nthabwala zinali zitawachepera.

"Alamu, nenani zoona. Achemwali anu anati mudzaphe mkazi mnzawo pang'onopang'ono?"

Ndinazula waya uja. Iwo anati sangapite kumudzi ndi njoka yabala, anthu angaseke, ndipo kutsogoloko kuli mudzi wa oluka nsungwi, zosalala, zosacheka mphuno. Tinafunsa anthu ngati njira ya kumeneko ndi yomweyo ya kwathu. Analoza kutsogolo. Zaka zonsezo, aliyense amene tinamufunsa njira ya kwathu ankaloza kutsogolo.

Mudzi wa nsungwi unali m'mphepete mwa mtsinje wa madzi ofiira. Pakhonde lililonse panali munthu atakhala pansi, dengu losatha lili pamiyendo. Woluka wina wa maso ofooka anandiphunzitsa kung'amba nsungwi, kuipala mbali zonse, n'kuiluka mothina kotero kuti kuwala kumangolowa ngati nsonga za singano. Anandiuzanso kuti kwawoko nsungwi sadula mwezi ukuwala, amadikira masiku a mdima, apo ayi zimafumbwa. Mwezi unali utangooneka. A Lufeyo anati sangadikire, Dona akugona m'thumba. Ndinadula.

Chitsekocho chinali chopepuka ndi chokongola. Mphuno ya nsato inapola, inafundula khungu lonse lathunthu, niyambanso kudya. Tinakhala m'mudzimo kufikira mango anapsa. Ine ndinkakonza mipando ya anthu, a Lufeyo ankapita kumsika wa tsidya lina. Tinayamba kukamba za ulendo wa kwathu, ndipo iwo anagula mpango wa achemwali.

Sindinganene ngati chinali chifukwa cha mwezi kapena kusauma kwa nsungwi. Ndinena chimene ndinaona: ufa woyera pansi pa chitseko, poyamba pang'ono, kenaka wochuluka woti n'kutapa ndi supuni. Kunja chitseko chinali chimodzimodzi. M'kati mwa nsungwi munali mutatha. M'mawa wina tinapeza kona yakumunsi itapindika ngati tsamba, khola lili pululu.

Mwini nkhuku wina wa m'mudzimo ndi amene anatipezera. Anaipeza m'khola mwake ili ndi tambala m'mimba, naitema ndi chikwanje kufupi ndi mchira. Anasiya atamva a Lufeyo akukuwa, "Musaphe! Ndi wanga!" ngati munthu amene mwana wake wagwidwa m'munda mwa eni. A Lufeyo anaisoka ndi ulusi wa nsapato. Anthu a m'mudzimo sanatikalipire. Anatibweretsera chinangwa chophika cha panjira, naimirira pomwepo kufikira titamanga katundu.

Panjira tinadutsa phiri la miyala ikuluikulu. Ndinaimitsa njinga.

"Alamu, mapanga ndi awa. Tiisiye pano. Inu tiyeni kunyumba."

"Mwaona kumene analunjika atatuluka?" anatero. "Tchire linali kumanja, iye anapita kumanzere, kunyumba za anthu. Sadziwa kuti ndi wakutchire. Ndikamusiya pano, mawa ali pakhomo pa munthu, ndipo chikwanje chachiwiri sichidzaphonya. Kankhani njinga."

Ndinakankha.

Tinafika kwa ocheka matabwa mvula itayandikira. Kunali utuchi paliponse, m'njira, m'madzi akumwa, m'tsitsi la ana. Nsato inali itakula, moti khola lakale silinkaikwana, ndipo ndinapanga lina. Ndinaganiza kuti tsopano chitseko chikhale cha thabwa lathunthu, lopanda pokhudza mphuno, lopanda popinda, mpweya uzilowera kumbali. Wocheka wina anandipatsa thabwa la mkungudza, nati limeneli chiswe sichiyandikira. Linali lonunkhira bwino moti a Lufeyo anati akamwalira ndidzawagoneke m'lomwelo. Wochekayo anasuzumira m'khola, nafunsa, "Nanga ikatuluka?" A Lufeyo anati siituluka.

Fungo limene limathamangitsa chiswe silinaikomerenso nsato. Inayamba kugona kukona yakutali ndi chitseko, mutu utakwezedwa, kukamwa kuli yasa. Popuma inkalira ngati botolo limene mphepo ikuwombamo, ndipo m'mphuno munkatuluka thovu. Ndinachotsa mkungudza tsiku lomwelo, n'kuikapo bulugamu.

Bulugamuyo anali wauwisi. Ndinadziwa pomupala, chifukwa zopalidwa zake zinkamata m'manja, koma louma kunalibe, ndipo khola silikanagona lotsegula. Mvula itagwa chitseko chinatupa, chinagwira fulemu gwa. Tinkachitsegula ndi tchizulo, ndipo nthawi zina tinkalephera, nsato n'kukhala ndi madzi akuda mpaka dzuwa litawala. Ndinachipala m'mbali kuti chiziyenda. Chilimwe chitafika thabwa linauma, linabwerera, ndipo pamene ndinapala paja panatsala mpata wolowa zala zinayi. Linapotokanso, kona yakumwamba n'kuchoka pa fulemu. Masana ena ndinaona lilime likutuluka pampatapo, kenaka mphuno, kenaka diso limodzi likundiyang'ana. Ndinatsekapo ndi phewa langa mpaka a Lufeyo atabwera ndi chingwe.

M'tauni yotsatira munali osula zidebe. Phokoso la kumeneko silinkatha, moti anthu ankalankhulana ndi manja. Ndinapanga chitseko cha lata. Lata silifumbwa, silitupa, silinunkhira. Ndinapinda m'mphepete mwake kuti lisacheke. Kwa nyengo yonse yozizira linagwira ntchito, ndipo tinayambanso kukamba za kwathu. Mpango uja a Lufeyo anautulutsa, naukung'untha, naubwezera m'thumba.

Kutentha kutayamba, dzuwa la masana linapeza khola pamene m'mawa panali mthunzi. Tonse tinali kumsika. Pobwera ndinagwira lata lija, linandiwotcha dzanja. Nsato inali itadzipinda m'beseni la madzi ake, mbali imene sinakwanemo ili yotuwa ngati chikopa chowamba. Inachira, koma pamalopo mamba sanabwererenso mtundu wake.

Ndi m'tauni imeneyo mmene tinakumana ndi munthu wa mudzi woyandikana ndi wathu, atakwera pamwamba pa matumba m'lole. Loleyo inaima pang'ono, iye anatizindikira.

"Si a Lufeyo inu? Lonesi anakwatiwa!"

"Liti?"

"Kalekale! Anthu anavina!"

"Pamalo panga anaima ndani?" anafunsa a Lufeyo.

Lole inanyamuka, ndipo yankho lake linapita ndi fumbi. A Lufeyo anakhala pansi m'mbali mwa msewu. Ndinadikira nthabwala, sinabwere. Anangoti, "Alamu, kodi ndinu mmisiri ndithu?" Ndinati zitseko za nyumba ndinapanga zambiri, ndipo palibe chinabwezedwa. Anati, "Eya. Anthu amakhala m'nyumba mwakufuna kwawo."

Za matauni ena apakati sindinena zambiri, chifukwa m'mutu mwanga analowana. Kunali kwina kumene msika unali womwewo wa poyamba, ogulitsa mbuzi ali pamalo omwewo, koma mayi wa waya uja kunalibe ndipo palibe ankamudziwa. Kunali kwina kumene ndinayesa galasi la pawindo la nyumba. Nsato siona galasi. Inaona khoswe akudutsa panja, inagunda, galasi linang'aluka kuchokera pansi kufika pamwamba. Kunali kwinanso kumene ndinaika magalasi awiri ophatikiza, ndipo m'mawa ankachita thukuta m'kati, udzu wogonera n'kuchita nkhungu. Tsitsi la a Lufeyo linayera. Mwendo wawo wakumanzere unayamba kutupa, ndipo nsato sankaikolekanso m'khosi, chifukwa kuinyamula kunafuna anthu awiri. Ankangoima pambali pa khola, chipewa chili pansi, n'kumauza anthu zaka zake. Tsiku lililonse ankanena zaka zosiyana.

Chitseko chabwino ndinachipeza kumapeto a tauni ina, kumene basi yakufa inagona m'udzu yopanda matayala. Mwini malowo ankagulitsa zidutswa zake, mipando, mawaya, zitsulo. Mawindo ake anali a magalasi awiri okhuthala, oyenda chammbali m'kanjira, lina kudutsa kumbuyo kwa linzake. Ndinakankha galasi limodzi ndi chala, linayenda. Ndinalimenya ndi chibakera, silinamve.

Ndinafuna kulidula kuti likwane pa khola. Mwini basi anandiletsa, ine osamva. Nditangolikanda linasweka lonse nthawi imodzi, n'kukhala ngati mchere wa miyala. Anandipatsa windo lachiwiri, nati, "Galasi limeneli silitsatira mmisiri. Mmisiri ndiye alitsatire." Choncho ndinaphwasula khola, ndinamanga lina molingana ndi windo. Fulemu ndinapanga ndi mlombwa wa bedi lakale, thabwa louma zaka zambiri, losatupanso, losanunkhira. Tinjira toyendamo magalasi ndinatisema ndi tchizulo, takuya theka la chala. Pamene magalasi amadutsana ndinaikapo mphira wa tayala kuti pasakhale mpata. Mpweya ndinaupatsa timabowo tating'ono kumbali zonse ziwiri, pamwamba, tosalazidwa ndi msomali wamoto. Denga ndinafolera udzu kuti dzuwa lisafike pagalasi. Pomaliza ndinaika loko.

Mwini basi anayang'ana nthawi yaitali. Sanafunse funso lija.

Tinakhala pamenepo mvula yonse, nyengo yozizira ndi chilimwe, chifukwa ndinali nditaphunzira kuti chitseko sachiyamikira chisanaone nyengo zonse. Sichinatupe, sichinafumbwe, sichinatenthe. Nsato inachiyesa, inachisiya. Inkadya, inkafundula, inkagona itatambasuka m'litali mwa galasi. Mvula yotsatira itayandikira ndinauza a Lufeyo kuti ntchito yatha.

"Ndithu, alamu?"

"Ndithu."

"Ndiye funsani njira."

Tinafunsa mayi wina wosenza nkhuni. Analoza kumbuyo.

Khola linali lalitali ngati bedi ndipo linkalemera kuposa pamenepo. Mwini ngolo wina anavomera kutinyamula, koma ng'ombe zake zitamva fungo zinakana goli. Ndinachotsa matayala a njinga, ndinapanga kangolo kokoka ndi manja. Ine ndinkakoka, a Lufeyo ankatsimphina pambuyo atagwira denga. Ulendowo unali waufupi modabwitsa. Sitinadutse kwa osula zidebe, kapena kwa ocheka matabwa, kapena mtsinje wa madzi ofiira. Tinangoona dambo, kenaka minda, kenaka nyumba.

Tinafika masana. Achemwali anali pakhonde akusankha nyemba. Denga linali latsopano, sindinafunse amene anafolera. Pabwalo panali mayi wamng'ono akuchapa, ndipo ndinamuzindikira ndi mayendedwe kuti ndi Lonesi. Pakati pawo pankakwawa khanda lamaliseche, mkanda uli m'chiuno.

Tinaima panjira, pamene malire a mudzi amayambira. Achemwali anaika lichero pansi, nabwera pang'onopang'ono.

"Mwafika, bambo a Lonesi."

"Tafika, mayi a Lonesi."

"Mwendowo?"

"Ndi wa njira."

Anawapatsa mpango uja. Unali utasuluka m'mipindiro. Achemwali anaulandira ndi manja awiri, naukoleka paphewa, natembenukira kwa ine.

"Ndionetseni, achimwene."

Ndinawaonetsa zonse. Ndinafotokoza za mlombwa, za tinjira, za mphira, za timabowo. Anakankha galasi ndi manja onse awiri. Anagwedeza loko. Anagwada, nayang'ana m'munsi. Nsato inadzutsa mutu, iwo sanabwerere m'mbuyo, anangoyeza ndi maso kunenepa kwake, kenaka anayang'ana khanda lija.

"N'cholimba," anatero. "Simunagone pantchito. Nanga imadya bwanji?"

A Lufeyo anasangalala ndi funsolo. Anatulutsa kiyi amene ankamuvala m'khosi, natsegula loko, nakankha galasi ndi chala chimodzi. Linayenda mwakachetechete. Anayamba kufotokoza za nkhuku, za madzi, za kusesa, dzanja lina likuloza uku ndi uku, nkhope atatembenukira kwa Lonesi amene anali atayandikira. Galasi linali chitsegukire nthawi yonse imene ankalankhula.

"Tsekani," anatero achemwali.

Anatseka.

"Chimatseguka."

"Ndi chitseko, achemwali," ndinatero.

"Ndaona. Achimwene, bambowa ndinakhala nawo. Khola la mbuzi sanatsekepo osakumbutsidwa. Akayamba nkhani amaiwala kuti ali ndi manja. Mwaona nokha pompano. Tsiku lina adzatsegula, munthu adzawapatsa moni panjira, ine ndili kumunda, Lonesi ali kuchitsime." Khanda linali litafika pamapazi awo, likukoka chitenje. "Galasi lanu ndalikhulupirira. Koma ine sindigona."

"Kiyi muzisunga inu," ndinatero.

"Kuti ndizitsegula ine? Kapena ndiziwapatsa akapempha, n'kuima pambuyo pawo ngati mlonda mpaka ndife?"

"Ndiye tiipititse kuphiri."

"Ibwera," anatero a Lufeyo. Achemwali anavomera ndi mutu. Pa chimenecho anagwirizana.

"Kuli njira ziwiri," anatero achemwali. "Mukhome chisadzatsegukenso, bambo a Lonesi alowe m'nyumba, madzi osamba ndiwaikire. Kapena mutembenuze kangolo kanu. Sindikukuthamangitsani. Ndakudikirani, ndipo nditha kudikirabe. Koma mdzukuluyu sindimuika pamayeso."

Ndinayang'ana a Lufeyo. Anali atatsamira khola, mwendo wotupawo atauimika pa chala. Anayang'ana njira imene tinadzera. Inali yaitali kuposa mmene tinaiyendera. Lonesi ananyamula mwana uja, nabwera naye pafupi, nati, "Ababa, dzina lake sitinamutche. Timadikira inu."

Mthunzi wa khola unachoka pamapazi anga n'kufika pamapazi a achemwali.

"Alamu," anatero a Lufeyo, osandiyang'ana. "Misomali muli nayo?"

"Ndili nayo."

"Khomani."

"Alamu, mukudziwa kuti ndikakhoma..."

"Nkhoswe ndinu. Anakutumani kuti mubwere nane. Khomani, mwendo ukundipweteka."

Ndinapempha kuti tiithirire madzi atsopano kaye, ndipo achemwali analola. A Lufeyo anasesa m'kati, nayala udzu wouma, naika dzanja pamsana pa nsato, pamalo otuwa paja. Anatseka okha. Ine ndinadula timatabwa tiwiri ta mlombwa, ndinatigoneka m'tinjira toyendamo magalasi, ndinakhoma. Achemwali anaima pambali panga. Anati mitu ya misomali ilowe m'kati mwa thabwa, kuti hamala isadzapeze pogwira. Ndinailowetsa. Ntchito imeneyo ndinaigwira bwino, monga ndimagwirira ntchito zonse.

Khola tinaliika kuseri kwa nkhokwe, pansi pa mtengo. A Lufeyo anasamba, analowa m'nyumba. Mwanayo anamutcha Ndafika. M'mawa mwake achemwali anadzuka dzuwa litakwera, maso atatupa ndi tulo, ndipo ndinawamva akuseka ndi Lonesi kukhitchini.

Nsato yaikulu imatha kukhala miyezi yambiri osadya. Izi ndinazidziwa panjira, ndipo tsopano ndikuziona. Madzi ndimathira ndi kabango kudzera pa kabowo kamodzi ka mpweya kamene kali pamwamba pa beseni. Palibe anandituma kuchita zimenezi, palibenso wandiletsa. Chimanga chinamera, chinafika m'chiuno, chamasula ngayaye. Msana wa nsato wayamba kuoneka mzere pakati. Khungu limene inafundula lili momwemo, palibe wolichotsa. Galasi lada chakumunsi, koma silinang'aluke, ndipo fulemu silinasunthe ngakhale pang'ono.

A Lufeyo mwendo unaphwa. Amalima, amanyamula mdzukulu, madzulo amacheza ndi amuna anzawo, ndipo anthu amati banja la a Dolofe linabwerera chifukwa cha nkhoswe yolimba mtima. Njira ya kumunda kwawo imadutsa kuseri kwa nkhokwe, koma iwo anatsegula ina yozungulira kuchigayo. M'mawa uliwonse, khasu lili paphewa, amaima pamene ndimapalira matabwa, nayang'ana kumbali.

"Alamu, mwadzuka?"

"Ndadzuka, kaya inu."

"Dona akupuma?"

"Akupuma."

Amagwedeza mutu, napita kumunda.